Galu wathu wamkulu waluma mwana wa m'nyumba momwe: tichite naye chiyani?

Nachisale_Matawale:
Abale apagulu pano, ndithandizeni maganizo. Tili ndi galu wamphongo wa zaka 6, wosakanizika German Shepherd ndi wachikuda, ndipo tam'lera tokha kuyambira ali kamwana. Sanali wovuta, ana ankasewera naye. Miyezi yapitayi anayamba kudzuma munthu akayandikira mbale yake. Bambo akunyumba anam'menya ndi ndodo kuti asiye, ndipo anasiyadi. Koma dzulo madzulo waluma mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 7, pamkono. Galuyo anali gone pakhonde, mwana anapita kukam'gwira. Sanauwe, sanadzume, anangoti kha! Pali mabowo awiri a mano, magazi anatuluka pang'ono. Tinapaka sipiriti n'kumanga. Bambo akuti aphedwe kapena tikam'siye kumudzi. Ine mtima ukukana, komanso ndikuopera ana. Kodi galu wamkulu chonchi angasinthe?

NamwinoWaSadzi:
Mayi, za galuyo tikambirana, koma woyamba ndi mwanayo, ndipo ndi lero, osati mawa. Masulani bandejiyo. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda, apampopi kapena othira ndi jagi, kwa mphindi 15 zathunthu. Muziyang'ana nthawi pafoni, chifukwa ambiri amasiya pa mphindi ziwiri poganiza kuti zakwana. Sopo wochapira wamba ndi wokwanira, amaphwanya kachilombo ka chiwewe kamene kamabwera ndi malovu a galu. Ngakhale padutsa usiku, tsukanibe. Mukatero pakani ayodini ngati alipo, phimbani ndi kansalu koyera mosathina, kenako kuchipatala. Musapake mchere, tsabola, phulusa kapena ubweya wa galuyo wootcha.

Mabowo aang'onowo asakupusitseni. Dzino la galu limalowa mkati n'kusiya majeremusi pansi, pamwamba n'kutsekeka, ndiye pakatha tsiku limodzi kapena awiri mkono umatupa, kufiira ndi kuchita mafinya. N'chifukwa chake mabala a galu kawirikawiri sasokedwa nthawi yomweyo. Kuchipatala akaganizira katemera wa chiwewe, wa kafumbata, ndi mankhwala opha majeremusi. Wa chiwewe sabaya kamodzi. Tsiku loyamba amaliwerenga kuti 0, kenako pali tsiku la 3, la 7, ndi lina lililonse limene angakulembereni m'buku. Osadumpha ngakhale bala litauma, chifukwa chiwewe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu, palibenso mankhwala. Ngati pachipatala chaching'ono palibe katemerayu, pitani ku Zomba Central Hospital.

Likangala77:
Atengenso khadi la katemera wa galuyo, ndipo wina adzere ku ofesi ya vetenale. Nthawi zambiri achipatala amafunsa kalata yochokera kumeneko. Mmodzi apite ndi mwana, wina kwa a vetenale, kuti tsiku lisathere m'njira.

Nachisale_Matawale:
Zikomo, tatsuka, tikunyamuka. Khadi likuonetsa kuti anabayidwa komaliza zaka ziwiri zapitazo.

CheMpondabwino:
Galu amene walawa magazi a munthu sabwerera m'mbuyo. Bambowo akunena zoona. Iphani lero, mupeze kamwana kena.

Mlangizi_Ziweto:
Che Mpondabwino, kum'pha lero ndiko kumene sikuyenera kuchitika, ngakhale kwa amene akufuna kuti pomaliza aphedwe. Galu amene waluma munthu amatsekeredwa ndi kuyang'aniridwa masiku 10. Chifukwa chake n'chakuti galu amene kachilombo ka chiwewe kafika m'malovu ake amadwala moonekera kapena kufa mkati mwa masiku amenewo. Akafika tsiku la 10 akudya, akumwa, akuyenda bwino, tadziwa kuti tsiku limene analuma analibe kachilomboko m'malovu. Mukam'pha lero mwataya umboni umenewu. Koma mwana asadikire masiku 10 kuti ayambe katemera. Ayambe lero, zoti apitirize kapena asiye anene ndi achipatala.

M'tsekereni m'khola kapena m'chipinda chokhala ndi loko, chakudya ndi madzi zizilowetsedwa ndi munthu wamkulu mmodzi, ana asafikeko. Tsiku lililonse onani ngati akuchucha dovu, akulephera kumeza, mawu ake pouwa asintha, akuluma matabwa kapena miyala, nsagwada yalendewera, kapena miyendo yakumbuyo ikufooka. Mukaona nsagwada yotseguka musapise dzanja poganiza kuti fupa lam'tsamwitsa. Akafa, musam'kwirire mwakachetechete ndipo mutu usaphwanyidwe, uzani a vetenale chifukwa ubongo ndi umene amayeza.

Mayi Nachisale, kumbukiraninso ngati m'miyezi yapitayi analimbanapo ndi galu woyendayenda kapena nkhandwe, kapena anabwerapo ndi bala losadziwika. Chiwewe chimatha kubisala milungu kapena miyezi chisanaoneke. Zokam'siya kumudzi ayi. Kumeneko kulinso ana, ndipo chipatala chili kutali.

CheMpondabwino:
Masiku 10 ndamva. Nanga akatha? Magazi walawa kale.

Mphunzitsi_Agalu:
Achimwene, galu amanyambita mabala ake, amadya nyama yaiwisi, ndipo salusira anthu chifukwa cha zimenezo. Chimene amaphunzira akaluma si kukoma kwa magazi ayi. Amaphunzira kuti akaluma, chimene chimam'vutitsa chimachoka. Phunziro limeneli ndi loopsadi, koma ndi losiyana ndi zimene mukunenazo, ndipo lili ndi njira yake.

Mayi Nachisale, mawu akuti "sanadzume" ndi amene ali ndi nkhani yonse. Galu asanalume amadutsa masitepe. Amayamba kutembenuza mutu, kunyambita mphuno, kuyasamula asali ndi tulo, kapena kudzuka n'kuchoka. Zimenezi zikapanda kumveka amauma thupi, amatseka kukamwa, amayang'ana cham'mbali mpaka zoyera za m'maso kuoneka. Kenako amadzuma, kenako kuonetsa mano, kenako kuluma m'malere, ndipo pomaliza kuluma thupi. Kudzuma ndi chenjezo lakuti "ndafika pothera, sunthani". Ndodo ija sinachotse chimene chimam'sautsa. Inangom'phunzitsa kuti kudzuma kumabweretsa ululu, ndiye tsopano amalumpha sitepe imeneyo. Galu wodzuma ndi wosavuta kukhala naye kusiyana ndi wachete amene anamenyedwa mpaka kusiya.

Choncho kuyambira lero aliyense pakhomopo adziwe kuti galuyo akadzuma, munthu aime, abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono, osakalipa, osamenya, kenako akumbukire chimene amachita pa nthawiyo. Ndikufunseninso: mwanayo anam'gwira pati kwenikweni? Pamutu, pakhutu, pamsana, kapena pamchira? Panali fupa kapena mbale pafupi? Galuyo anali m'tulo?

WaKuChawe:
Ine ndikuona mosiyana. Galu wamphongo akakula amayesa kulanda ufumu pakhomo. Ofunika am'gwire pakhosi, am'gwetse chagada, am'panikize mpaka agonje. Akadziwa bwana zonsezi zitha.

Mphunzitsi_Agalu:
Musayese zimenezo, chonde. Galu wa makilogalamu 30 amene waluma kale mukam'gwetsa chagada, nkhope yanu imakhala pafupi ndi mano ake. Ndipo ngakhale agonjere bambo, sagonjera mwana wa zaka 7. Mantha amene bambo amuika amakawatulutsira kwa wofooka. Onaninso msinkhu. Ukali wobwera ndi kukhwima umaoneka galu ali ndi chaka chimodzi mpaka zitatu. Wofatsa amene wasintha ali ndi zaka 6, choyamba kuganizira ndi matenda kapena ululu.

WaKuChawe:
Ndiye azingom'nyengerera pamene waluma mwana?

Mphunzitsi_Agalu:
Ayi. Malamulo akhalepo, okhwima ndithu: khola, chingwe, malo ake odyera, osakhala ndi ana. Chimene ndikukana ndi kumenya basi.

Mlonda_Chikanda:
Koma tinene zoona, ndi umbava wa masiku ano, galu wofatsa ndi wa ntchito yanji? Anthu amam'tsekera m'kabokosi usana wonse, kum'thirira tsabola m'chakudya, ena mpaka chamba, kuti usiku alusire akuba. Mwinanso uyu ndi galu wabwino amene wangosowa womugwiritsa ntchito.

Mlangizi_Ziweto:
Tsabola sapatsa galu mtima, amangom'pweteka m'mimba. Chamba chimam'dwalitsa, amapepeluka, kukodza mosadziletsa, ena kukomoka. Kabokosi kamdima kopanda mpweya, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala, kamabala galu wamantha amene sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa neba wolowa kudzatola mpira. Ntchito yaikulu ya galu wa pakhomo ndi kuuwa kuti anthu adzuke. Wakuba wokonzeka amabwera ndi nyama yothira tameki, ndipo galu wanjala wa m'kabokosi ndi amene amayamba kuitola.

Mlonda_Chikanda:
Za tamekizo n'zoona. Agalu ambiri amathera pamenepo.

Nangozo_Thondwe:
Poti mwatchula njala, kodi kulusira mbale sikuchokera pamenepo? Agalu ambiri kuno amadya kamodzi usiku, nsima ya madeya yokha ndi madzi otsukira mbale.

Mlangizi_Ziweto:
Njala imawonjezera, inde. Galu wamkulu azidya kawiri, m'mawa ndi madzulo, pa nthawi yodziwika. Madeya okha ndi osakwanira, sakanizani ndi bonya kapena matemba, zotsala za kubutchala zophika bwino, dzira apo ndi apo, ndi masamba pang'ono. Anyezi asalowemo chifukwa amaononga magazi a galu, ndipo mafupa a nkhuku ophika amathetheka n'kubaya matumbo. Muyeso wosavuta ndi nthiti: muzizimva mukasisita ndi dzanja, koma zisamaoneke patali. Mankhwala a njoka za m'mimba miyezi itatu iliyonse, chifukwa galu wa njoka amadya osakhuta. Koma pali agalu okhuta bwino amene amalusirabe mbale, makamaka amene ankalandidwa chakudya ali aang'ono ati pofuna kuwazoloweza.

Likangala77:
Bonya wake wakwera mtengo, anthu akulimbirana ndi nkhuku zomwe. Matemba a ku Chilwa nawonso sapezeka chaka chonse.

Nangozo_Thondwe:
Funsani zinyenyeswa za pansi pa thumba kwa ogulitsa mumsika, amagulitsa motchipa. Muziwiritsa kaye ndi kusefa mchenga.

NamwinoWaSadzi:
Tabwererani ku nkhani, abale. Mayi Nachisale, mwana zili bwanji?

Nachisale_Matawale:
Wabayidwa katemera woyamba wa chiwewe ndi wa kafumbata, ndipo am'patsa mankhwala akumwa. Atilembera masiku obwerera. Galu tam'tsekera m'sitolo yakuseri. Ndam'funsa mwanayo bwinobwino, akuti anam'kumbatira pakhosi n'kugwira khutu lakumanzere. Panalibe chakudya pafupi. Wantchito wathu akuti galuyo wakhala akupukusa mutu ndi kukanda khutu lomwelo, ndipo likununkha.

Mlangizi_Ziweto:
Apo ndiye pali poyambira. Khutu lonunkha, kupukusa mutu, kukanda, nthawi zina kupendeketsa mutu mbali imodzi, ndi zizindikiro za kutupa kwa ngalande ya khutu. Zimayamba ndi majeremusi, tinthata ta m'khutu, nkhupakupa yolowa mkati, kapena kanjere ka udzu. Ngalande ya khutu la galu imatsika kenako n'kukhota, ndiye mafinya satuluka okha ndipo zimene zili mkati simungazione ndi maso. Ululu wake ndi waukulu. Ukhozanso kukhala umene unayambitsa kudzuma pa mbale, chifukwa kutafuna kumagwedeza pamene nsagwada yalumikizana, pafupi ndi khutulo, ndipo galu womva ululu sapirira zimene kale ankapirira.

Musathiremo mafuta ophikira, palafini, sipiriti kapena madzi amchere, ndipo musatokose ndi kamtengo. Ngati kachikopa ka mkati mwa khutu kabooka, mankhwala ena a madontho akhoza kum'gonthetsa, n'chifukwa chake a vetenale amayang'ana kaye ndi chounikira. Musam'patse Brufen, amaboola m'mimba ndi kuononga impso za galu. Panado nayenso osam'patsa mwa inu nokha. Poti ali m'masiku 10, musayende naye m'misewu. Aitaneni a vetenale kunyumba, muwauziretu kuti waluma munthu ndipo katemera wake anapitirira nthawi, iwo asankha ngati am'one tsopano kapena adikire. Kawirikawiri galu wotere amam'goneka ndi jakisoni kuti atsuke khutulo bwino.

Akagona choncho, apempheni aonenso mano, chifukwa dzino lothyoka kapena nkhama zotupa zimachita zofanana. Aone chiuno ndi miyendo yakumbuyo, poti agalu a mtundu wa German Shepherd amavutika chiuno akamakula, ndipo mudzaona akuvutika kudzuka m'mawa wozizira wa Juni. Aonenso maso, ndi mtundu wa nkhama ngati zayera chifukwa cha matenda a nkhupakupa. Galu amene sakuona kapena kumva bwino amadzidzimuka akagwidwa, ndipo kudzidzimuka kumathera m'kuluma.

CheMpondabwino:
Ndiye khutu likapola basi, abwerere kwa ana?

Mphunzitsi_Agalu:
Ayi, ndipo funso lanu ndi loyenera. Ululu ukhoza kutha m'milungu iwiri kapena itatu, koma kukumbukira kuti dzanja lobwera kumutu limapweteka kumatsala. Masiku 10 akatha, a vetenale akalola, ntchito iyambe motere.

Choyamba ndi kukonza malo, chifukwa n'kumene kumateteza ana pamene maphunziro akuchedwa. Pakhale zotchinga ziwiri pakati pa galu ndi mwana, mwachitsanzo khola lokhala ndi loko ndi chitseko cha nyumba, kuti wina akaiwala chimodzi china chigwire. Khola likhale pamthunzi, la waya wolowa mpweya, loti akhoza kuyendamo masitepe angapo, pansi pouma, madzi osasowa. Kum'manga pa tcheni pamtengo si chotchinga. Mwana amafikabe, ndipo galu womangidwa sangathawe, chimene chimam'tsalira ndi mano okha. Azituluka kawiri patsiku ndi munthu wamkulu, pa chingwe, mphindi 20 kapena 30, ana ali m'nyumba kapena kusukulu.

Chachiwiri ndi chotsekera kukamwa. Funani cha mtundu wa kadengu, cha pulasitiki yolimba kapena waya, chimene galu amatha kupuma ndi lilime panja ndi kumwa madzi atavala. Cha nsalu chothina chija ndi cha mphindi zochepa kwa a vetenale, pa dzuwa chikhoza kum'pha ndi kutentha. Poyeza, tengani kutalika kuchokera pansi pa maso kufika kumapeto a mphuno, muwonjezere sentimita imodzi, ndipo chikhale ndi mpata woti atsegule kukamwa. Musam'veke mokakamiza. Masiku oyamba ikani kanthuli ka chiwindi chophika mkati, mugwire chotsekeracho m'manja, alowetse yekha mphuno, adye, atulutse. Chitani kakhumi, kawiri patsiku. Akayamba kuchithamangira, muzim'patsa tinthuli kudzera m'mipata kuti akhalitse masekondi 5, kenako 10. Pambuyo pake gwirizitsani malamba kumbuyo kwa makutu osamanga, kenako mangani masekondi ochepa n'kumasula. Khutu lisanapole musafike pa malamba. Nthawi zambiri zimatenga milungu iwiri kapena kuposa, ndipo amene amathamanga amapeza galu amene amathawa akangochiona.

Chachitatu ndi mbale. Azidyera m'khola lotseka, ndipo mbale izichotsedwa iye atatuluka, osati ali pomwepo. Zimenezi zokha zimathetsa ngozi zambiri. Pofuna kusintha mtima wake, munthu wamkulu aime kunja kwa waya pa mtunda umene galu amadya momasuka, mwina mamita 4, aponye chinthu chokoma kuposa chimene chili m'mbale, atembenuke n'kuchoka. Kasanu pa chakudya chilichonse. Chizindikiro chakuti musendere theka la mita ndi chakuti mukamabwera amadzutsa mutu thupi lili lofewa, kuyembekezera nyama. Akauma, akayamba kudya mofulumira, kapena akaphimba mbale ndi mutu, mwayandikira msanga, bwererani pamene munali dzana. Ana sachita nawo masewera amenewa ngakhale pang'ono.

Kugwira kumutu kumabwera pomaliza, atavala chotsekera. Gwirani paphewa sekondi imodzi, chotsani dzanja, patsani nyama. Dzanja liyambe, nyama itsatire, osati mosemphanitsa. Kuchoka paphewa kufika kukhutu pakhoza kutenga mwezi.

NamwinoWaSadzi:
Ndondomekoyi ndi yabwino, koma ine ndinene mosabisa. Mwana wa zaka 7 akawerama, nkhope yake imakhala pa msinkhu wa kamwa la galu. Ulendo uno unali mkono. Mabala a ana ambiri amakhala kumaso ndi kukhosi, ndipo chipsera chake ndi cha moyo wonse. Pakhomo pa ku Matawale pamene ana a maneba amalowa ndi kutuluka, wantchito, alendo, geti losiyidwa chotsegula, kodi zotchinga ziwirizo zigwira tsiku lililonse kwa zaka? Banja liyankhe funso limeneli moona, osati ndi chisoni chokha.

Mphunzitsi_Agalu:
A Namwino, sindikutsutsani. Pali muyeso wa kuopsa kwa kuluma umene ophunzitsa agalu amagwiritsa ntchito, wa katswiri wa agalu Ian Dunbar, wa magawo 6. Gawo 1 ndi kulusa mano osakhudza khungu. Gawo 2, mano akhudza koma sanaboole. Gawo 3, mabowo amodzi mpaka anayi pa kuluma kumodzi, osazama kupitirira theka la dzino lalitali losongoka la galuyo. Gawo 4, mabowo ozama kuposa pamenepo, kuzungulira kwake kwada ndi mikwingwirima chifukwa galu anakanirira kapena anagwedeza mutu. Gawo 5 ndi kuluma kozama kobwerezabwereza, 6 ndi imfa. Malinga ndi zimene mayi afotokoza, mabowo awiri, anatulutsa mano yekha nthawi yomweyo, zikuoneka ngati gawo 3, koma achipatala amene aona kuzama kwake ndi amene anganene. Pa gawo 3, choyambitsa chikudziwika ndipo n'chochizika, mwayi ulipo ngati banja lonse litsatira malamulo. Pa gawo 4 kupita m'mwamba, m'nyumba ya ana, ine sindilangiza kum'sunga. Chimodzimodzinso galu amene amachoka pamene ali n'kuthamangira munthu amene sanam'pute, kapena woluma popanda choyambitsa chimene mungachiloze.

Mlangizi_Ziweto:
Ndipo zikafika poti aphedwe, achite ndi a vetenale ndi jakisoni, amagona osamva ululu. Osati tameki, osati chingwe pamtengo, osati kukam'taya kuphiri. Tameki ndi imfa yowawa, ndipo nyama yotsala imapha agalu a eni, amphaka, nkhuku, ngakhale kufika m'manja mwa mwana. Banja limene lasankha jakisoni chifukwa silingathe kuteteza ana lisanyozedwe pagulu pano.

WaKuChawe:
Nanga kum'thena? Ndimamva kuti kumachotsa ukali.

Mlangizi_Ziweto:
Kumachepetsa kuthawa pakhomo kutsata zazikazi ndi ndewu ndi amphongo anzake, ndipo potero kumachepetsa mwayi wotenga chiwewe. Koma kuluma kochokera ku ululu, mantha kapena kuteteza mbale sikutha ndi kuthena. Kwa galu wamantha nthawi zina sikusintha kalikonse. Chizani khutu kaye, za kuthena mukambirane pambuyo. Kwa amene muli ndi zazikazi, dziwani kuti yoyamwitsa imaluma poteteza ana ake, ndipo ina imachita ngati ili ndi bere pafupifupi miyezi iwiri itatha nyengo yake, mpaka kutuluka mkaka ndi kulusira malo ogona. Zimenezo zimatha zokha m'milungu ingapo.

Nangozo_Thondwe:
Ana nawonso aphunzitsidwe. Galu wogona, wodya, wodwala kapena womangidwa sagwidwa. Kukumbatira pakhosi, kukwera pamsana ndi kuyang'anitsitsa m'maso, galu amaziona ngati kum'panikiza, ngakhale amene amapirira. Mwana akafuna kusewera ndi galu, aitane, galuyo abwere yekha, akapanda kubwera am'siye. Galu akathamangira mwana, aime ngati mtengo, manja apinde pachifuwa, maso pansi, osakuwa, osathawa. Akagwa, adzipinde, mawondo pachifuwa, manja aphimbe makutu ndi khosi.

Likangala77:
Zimenezi amaphunzitsanso m'masukulu a pulayimale a Mission Rabies, bungwe lolimbana ndi chiwewe. Anayamba ku Blantyre mu 2015, kenako anafika ku Zomba ndi ku Chiradzulu, ndipo pa kampeni katemera wa agalu amakhala waulere. Cholinga ndi kubaya agalu 70 pa 100 alionse m'dera kuti chiwewe chisowe podutsa. Mukamva chimkuzamawu kapena uthenga wa amfumu, pitani nawo agalu onse, ndi tiana tomwe.

Mlangizi_Ziweto:
Koma uyu asadikire kampeni. Masiku 10 akatha ali bwino, abayidwe nthawi yomweyo, kenako chaka chilichonse. Mkati mwa masiku 10 sitibaya, kuti akadwala tisasokoneze chimene chayambitsa.

Nachisale_Matawale:
A vetenale avomera kubwera. Bambo alola kudikira masiku 10 ndi kumanga khola, koma akuti iwo ndi amene azim'phunzitsa poti ndi amene amawaopa. Mchemwali wanga akuti mwana wake sapondanso pakhomo pano galuyo alipo.

CheMpondabwino:
Mchemwaliyo musam'tsutse. Mwana ndi wake.

NamwinoWaSadzi:
Zoona. Ndipo muziyang'ana mkonowo m'mawa ndi madzulo. Kufiira kukamakula, mzere wofiira ukamakwera kulowera kukhwapa, thupi likatentha, kapena zala zikamakanika kupinda, bwererani kuchipatala osadikira tsiku la katemera. Mwanayo akamalota zoopsa kapena kuopa agalu onse, musam'seke ndipo musam'kakamize kukagwira galu kuti azolowere.

Mphunzitsi_Agalu:
Pa za bambo, auzeni mwaulemu kuti kuopedwa n'kumene kukuwachotsa pa malo oyamba. Maphunzirowa amayenda ndi galu womasuka, ndipo pamaso pa munthu amene anam'menya iye amauma n'kubisa zizindikiro, ndiye simudziwa ngati mtunda wakwana kapena ayi. Ayambe ndi munthu wamkulu amene galuyo amam'gwedezera mchira thupi lonse lili lofewa, kaya ndinu mayi kaya wantchito ngati avomera mwa kufuna kwake. Bambo gawo lawo loyamba likhale kumanga kholalo, kuika loko pageti, ndi kudutsa patali n'kuponya nyama osalankhula, osayang'anitsitsa, m'manja mopanda ndodo. Galuyo akayamba kudzuka n'kubwera kuwaya akawaona, m'malo molowa pakona, akhoza kuyamba za mbale kuchokera pa mamita 4 paja, ngakhale inu mutafika kale pa mita imodzi. Munthu aliyense watsopano amayambira poyamba. Gulani kabuku, muzilemba tsiku, amene anachita, mtunda, ndi zimene galu anachita, kuti a vetenale akamabwera kudzaonanso khutu muwaonetse, ndipo mukaona milungu 6 yadutsa khutu litapola koma mtunda sukuchepa, mukhalenso pansi ndi bambo ndi a vetenale pa funso lija a Namwino afunsa.